Tsiku Limene Ingolf Anakhalira Manja Ake

Ingolf Damsgaard ndinakula naye, ndipo ndinene msanga kuti munthuyu anali chilombo. Sindikumunyoza ayi, ndi mnzanga, koma chilombo ndithu. Kusukulu ankaluma anzake. Atakula analowa ntchito kufakitale yophera nkhumba kunja kwa tauni yathu ya Ravnsted, manja n'kukula ngati mafosholo. Kumowa akangoti zii n'kuyamba kuyang'ana pansi, anthu ankakokera mipando yawo kutali, podziwa kuti wina apita kwawo mano ali m'thumba. Ine Gunvor ndakhala ndikukazinga masoseji ndi kugulitsa mowa pakhomo pa holo ya zamasewera kuyambira ndili mtsikana, ndiye magazi ambiri amene Ingolf anakhetsa m'tauni muno wokolopa ndinali ine.

Koma manja omwewo mukanawaona akagwira tinjerwa tapulasitiki! Kuno mwana aliyense amakula akumanga ndi tinjerwa timeneti, tokhala ndi timitu pamwamba toti tizilumana. Ambiri amasiya akamera ndevu, ena sitisiya mpaka imvi. Ingolf ankatola kanjerwa kochepa ngati njere ya mpunga ndi zala zake zonenepazo, n'kukakhazika pamalo pake osagwedeza kanthu, mpweya ataugwira. Chipinda chake chapansi chinali madilowa okhaokha mpaka kudenga, lililonse mtundu wake wa tinjerwa. Anali mkulu wa kalabu yathu ya omanga. Sitinamusankhe ayi, kungoti panalibe amene ankafuna kuima naye pachisankho. Munthu watsopano akabwera monyadira ndi galimoto imene wamanga mlungu wathunthu, Ingolf ankainyamula mpaka pachifuwa n'kuitaya pansi. Ikasweka ankangoti, "Manganso." Ena ankalira, amuna a mabanja awo, koma amene ankabweranso ankadziwadi kumanga.

Kalabu ili ndi lamulo limodzi loposa onse: guluu ayi. Chimene wamanga chiime chifukwa tinjerwa talumana bwino, ndipo chionetsero chikatha uchiphwasule, tinjerwa tibwerere m'madilowa tikadikire ntchito ina. Womanga mungamutukwane za amayi ake, mawa akupatsani moni, koma mukamunena kuti anamata, konzekani. Ingolf lamulo limeneli ankalisunga kuposa Malamulo Khumi. Chaka china pachionetsero ananyamula sitima yapamadzi ya Torkild, mkulu wa kalabu ya ku Bredlund, tauni yoyandikana nafe, n'kuinunkhiza.

"Iwe Torkild, sitima yakoyi ikununkha chiyani?"

Torkild asanatsegule pakamwa, sitima inali itamutera pamphuno. Sinabalalike monga tinjerwa timachitira, inangong'ambika pakati ngati mbale yadothi, ndiye aliyense anaona kuti inalidi yomata. Ife tinawomba m'manja, sindibisa. Mphuno ya Torkild mpaka lero imaloza kumanzere.

Tinasiya kuwomba m'manja lamulo litalowa m'nyumba mwa Ingolf. Mwana wake wamkazi Solvej, asanakwane zaka khumi, anamanga kanyumba kachifumu kokhala ndi nsanja, koyamba kumanga yekha popanda womuthandiza. Anakakonda, sanafune kuti Loweruka likafika kaphwasulidwe monga zinkakhalira m'nyumbamo, ndiye anatenga guluu wa amayi ake n'kumata mobisa. Ingolf anafika kuchokera kuntchito majombo oyera adakali kumapazi, anakapeza patebulo la m'khitchini, anakoka nsanja imodzi, nsanja kukana. Anatenga hamala yofewetsera nyama. Mwana anaphimba kanyumba ndi manja ake. Hamala yoyamba inatera pansanja, yachiwiri inapeza kachala kakang'ono ka kumanzere. Mlungu womwewo mkazi wake Ellinor analongedza n'kutenga mwana, ulendo wa kumzinda wa Aarhus. Kuchokera apo Ingolf anamuonako Solvej kamodzi kokha, pamaliro a Ellinor, ataima kutali kuseri kwa mitengo ya kumanda.

Musaganize kuti anasintha. Anapitiriza kupha nkhumba masana, kumanga madzulo, kumenya anthu Loweruka. Chakudya chake chinali masoseji anga, akudya choimirira. Ndikamufunsa kuti, "Iwe, umagona tulo ndi zimene unachita zija?" ankayang'ana pansi n'kunena kuti, "Komatu anamata, Gunvor." Abale inu, ndinkafuna kumukhuthulira mafuta otentha pamutu.

Wailesi yakanema itayambitsa mpikisano wa omanga ndi tinjerwa, Ingolf anali atapuma ntchito, ndiye anapeza tchalitchi chake. Lamlungu lililonse madzulo anali pamaso pa kanema, ndipo sankaonera ngati munthu. Ankakalipira opikisana, kutukwana oweruza, kulangiza anthu oti anajambulidwa miyezi yapitayo. "Pingasa, chitsiru iwe! Khoma limenelo ligwa!" Khoma likagwadi, kapu inkauluka. Panali woweruza wina wa magalasi amene ankakonda kunena kuti chomanga chizikhudza mtima, ameneyo ndiye Ingolf ankadana naye ngati anamubera mkazi. "Mtima? Mtima umanyamula denga? Funsa za maziko, galu iwe!" Ataswa kanema wake, n'kuswanso wina amene anagula pambuyo pake, anayamba kubwera kudzaonera kwanga. Ine ndinkakhala pambali pake chiwaya chili pamiyendo, kuti adziwe kuti kanema wanga ali ndi mwini wake.

Chaka chathachi, tsiku loyamba la mpikisano, panatulukira mayi wamtali, tsitsi lofiira atalimanga kumbuyo. Kamera inatsikira pamanja ake akusankha tinjerwa, ndipo kachala ka kumanzere kanali kopindika ngati mbedza. Ingolf anadzuka pang'onopang'ono, mbale ya mbatatesi n'kugwa pansi.

"Wanga uyo," anatero. "Gunvor, wanga uyo!"

Kuyambira tsiku limenelo tauni inaona zakuda. Wophika buledi anangonena kuti mayiyo amachedwa poyamba, Ingolf anamulowetsa mutu m'thumba la fulawa. Woyendetsa basi anati akazi sapirira mpaka kumapeto, anayenda mlungu wonse diso litatsekeka. Koma kunena zoona Solvej ankamanga, inu. Mlatho wake unanyamula thumba la simenti osalira. Chinjoka chake cham'madzi oweruza anachiika patebulo lonjenjemera, sichinathothoke ngakhale dzino limodzi. Ingolf ankaimitsa anthu pamsewu, kuwagwira kolala n'kuwafotokozera m'mene mwana wake analumikizira msana wa njokayo, ngati anali pomwepo. Mpaka tsiku lina tinangoona atsala awiri mufainolo: Solvej ndi Jeppe, mwana wa Torkild wa mphuno uja. Ndinati Satana alipodi, ndipo naye amaonera kanema.

Ravnsted ndi Bredlund holo ndi imodzi. Akomiti ya holo, anthu abwino opanda nzeru, anagwirizana kuti fainolo tionere limodzi pachinsalu chachikulu, makalabu onse awiri ayale zomanga zawo m'mbali mwa makoma. Jeppe anati akaonera kulikulu ndi anthu a kanema. Solvej anandiimbira foni, popeza ndinali mnzawo wa amayi ake, n'kunena kuti akubwera kuno, ndipo ndimuitanire bambo ake kukhitchini kwanga Loweruka. Mapeto a mpikisano iye ankawadziwa kale, koma opikisana onse anawalumbiritsa kuti asauze munthu.

Ingolf anabwera atavala jekete yake yakuda ya kumaliro, tsitsi atathira madzi. Anaima pakhomo ngati wobwera kudzapala moto. Solvej sanadzuke, sanatambasule dzanja.

"Khalani pansi, bambo."

Anakhala. Mpando unalira.

"Ndili ndi mwana wamkazi, wayamba kuyenda. Amuna anga akuti mwana ayenera kudziwa agogo ake. Ine ndikuti tione kaye." Anagogoda patebulo ndi kachala kaja. "Mawa mukhale kutsogolo, pamene ndingakuoneni, muonere mpaka nyimbo yomaliza. Mukangokweza dzanja pa munthu, kaya pampando, kaya pantchentche, basi, ndathana nanu, ndipo mwana wanga adzamva kuti agogo ake anamwalira kalekale. Mukapirira, mubwera ku Aarhus mudzamuone."

"Nanga wina akandiyamba?"

"Akuyambeni."

"Nanga oweruza akabera?"

"Abere."

Ingolf anayang'ana manja ake. Kenaka anati, "Chabwino." Solvej anatembenukira kwa ine n'kuyamba kufunsa ngati ndimaphikabe keke ya maapulo ya amayi ake, ndipo Ingolf anadziwa yekha kuti nthawi yake yatha.

Lamlungu dzuwa linali lidakali pamwamba pamene anthu anayamba kufika. Asger, wosamalira holo, anali atangopaka vanishi pansi pokonzekera mpira wamanja, ndiye anaima pakhomo: nsapato zonse panja, kaya ndiwe ndani. Tonse tinalowa ndi masokosi, ena obooka, kumatsetsereka pansi ponyezimirapo. M'mbali munali matebulo odzaza: masitima apamtunda, tchalitchi chathu chonse ndi manda ake, nsanja younikira sitima zapamadzi, yotalika kuposa munthu, ntchito ya nyengo yozizira yonse. A Ravnsted anakhala kumanja, a Bredlund kumanzere. Mowa unkayenda bwino, ndisaname.

Ingolf anakana mowa. Anakhala pampando wapakati kutsogolo, anakweza ntchafu imodzi n'kulowetsa dzanja pansi pake, anakweza inayo n'kulowetsa linalo, n'kukhalira manja ake onse awiri. Solvej anaima pakhoma chakutsogolo, chinsalu osachiyang'ana. Ine ndinazimitsa moto wa masoseji n'kubwera kudzakhala pambali pa Ingolf, chiwaya pamiyendo mwachizolowezi.

M'tauni yaing'ono chinsinsi sichigona. Torkild anali atamva za lonjezo, ndiye anasiya anzake n'kubwera kudzakhala kumbuyo kwenikweni kwa Ingolf, thumba la malaya lodzaza tinjerwa. Nyimbo yotsegulira isanathe, kanjerwa koyamba kanatera pakhosi pa Ingolf, tho!

"Achimwene, manja mwawataya kuti? Mwawasiya panja ndi nsapato?"

Torkild anawerama pafupi.

"Akuti masiku ano mwabatizidwa. Tiimbireniko kanyimbo, abusa."

Kanjerwa kena, tho, pakhutu. Khosi la Ingolf linafiira, koma maso anali pachinsalu.

Oweruza anapereka mutu: aliyense amange tsiku limene sadzaliiwala. Jeppe, munthu waulemu ndithu, sanatengere bambo ake, anayamba kumanga malo a zisangalalo, chigudumu chachikulu chozungulira ndi tianthu tokwera, magetsi ali waliwali. A Bredlund ankaponda pansi ndi masokosi awo n'kumaimba dzina lake. Za Solvej kamera inkangotionetsa zidutswa: pansi popondapo pamawanga akuda ndi oyera, mwendo wa tebulo, zinthu ziwiri zikuluzikulu zoyera ngati zitsa. Ingolf anaiwala Torkild, anaiwala dziko.

"Taona m'mene wapingasira, Gunvor," ankanong'ona. "Palibe mzere wolunjika ndi unzake. Ndinamuphunzitsa ndine chimenecho. Uyo wa chigudumuyo wathamangira magetsi, mkati mulibe kanthu. Ndipatseni chala chimodzi ndichigwetse."

Itafika nthawi yotsatsa malonda, anthu anathamangira mowa ndi kuchimbudzi. Ingolf sanasunthe. Torkild anabwerera ndi matambula awiri odzaza, anaima kumbuyo kwake, n'kupendeketsa limodzi pang'onopang'ono pamutu pa Ingolf. Mowa unatsika m'tsitsi, m'maso, m'kolala.

"Aa, pepani achimwene, dzanja lanjenjemera. Ukalamba uwu."

A Bredlund anaseka, koma kuseka kwake kwamantha, chifukwa ambiri mwa iwo ali ndi zipsera za Ingolf. Ingolf anaphethira, anapukusa mutu kuti mowa uchoke m'maso, n'kundiuza osatembenuka kuti, "Gunvor, tandipukute, zikuyamba." Ndinamupukuta ndi thaulo langa. Thupi lake lonse linali lolimba ngati thabwa, ndipo ndinamva mano akukukutana mkati.

Nthawi itatsala pang'ono, Solvej wa pachinsalu anakwera makwerero atanyamula chinthu chachitali ngati mtanda wa denga, anachilumikiza pamwamba, anachisiya. Chinapendama, chinalira, n'kugwa pansi phwa! Holo yonse inakuwa. Ingolf anadumpha ndi mpando womwe, manja adakali pansi pa ntchafu.

"Mayo! Chalemera kutsogolo! Ika cholemera kumsana, mwana iwe, kumsana!"

Ngati wamva, Solvej anagwada, anatola zidutswa, anamanganso mkati mwake ndi timitanda tolumana, kenaka anatsegula kumsana kwa chimene ankamangacho n'kudzazamo tinjerwa. Thukuta linkagwera pamanja. Anakweranso makwerero, analumikiza, anasiya. Chinthucho chinagwedera pang'ono n'kuima. Belu linalira dzanja lake likungochoka.

Kenaka kamera inabwerera m'mbuyo, tinaona chonse.

Inali khitchini. Pakati panaima chimunthu chachitali kuposa Solvej mwini wake, majombo oyera, ndevu zofiira, kukamwa kuli yasa. Mkono wake unatambasuka m'malere pamwamba pa tebulo, hamala kumapeto. Patebulo panali kanyumba kachifumu, ndipo pambali pake kamtsikana kochepa ngati kapu kataphimba nsanja ndi manja.

Ngakhale a Bredlund anasiya kutafuna. Anthu onse anatembenukira ku ndevu za Ingolf, zimene zachita imvi tsopano koma aliyense ankazikumbukira. Mwini wake nkhope inali ngwee, maso akunyezimira.

"Gunvor! Taona mkonowo! Palibe mzati pansi, palibe chingwe, ndipo hamala ili kunsonga kwenikweni! Ukudziwa kulemera kwake? Palibe munthu m'dziko muno angaimike mkono wotere, ngakhale ine. Taona paphewa m'mene..."

"Ingolf," ndinatero.

"...walowetsera mtanda chopingasa, ndiye kulemera konse kukutsikira m'majombo..."

"Ingolf, chitsiru iwe, taona munthuyo."

Pachinsalu woweruza wa magalasi uja anafunsa Solvej kuti ameneyu ndani. Solvej anayankha mawu osagwedera.

"Awa ndi bambo anga. Ndi amene anandiphunzitsa kumanga."

Ndinaona kumwetulira kukuchoka pankhope ya Ingolf pang'onopang'ono. Anayang'ana majombo, anayang'ana ndevu, kenaka maso anatsikira pa kamtsikana n'kukhala pomwepo. Ndinamumvera chisoni, ine ndemwe.

Woyamba kuseka anali Torkild. Anadzuka kuti onse amuone.

"Wadziona, wopha nkhumba? Dziko lonse lakuona lero!" Anawerama mpaka pakamwa kukhudza khutu la Ingolf, koma analankhula mokweza. "Ndipo usanyade ndi mkonowo. Sungaime wopanda guluu. Mwana wako anayamba kumata ali wamng'ono, ukudziwa bwino iwe."

Anthu anakoka mipando. Ingolf anali atayang'ana pansi, ndipo tonse tinkadziwa chotsatira. Misempha ya pakhosi inatupa, miyendo ya mpando inayamba kugogoda pansi ndi kunjenjemera kwake. Manja sanatuluke.

Koma ine sindinalonjeze munthu kanthu. Chiwaya chinatera pakhutu pa Torkild, kho! Mlamu wake anandikoka tsitsi, wophika buledi uja anamudumphira kumsana, basi moto unabuka. Mipando inayamba kuuluka. Wina anakankhidwira patebulo la nsanja younikira sitima, nsanja inawerama n'kuphulika pansi, tinjerwa balala holo yonse. Tchalitchi chinatsatira, manda omwe, masitima omwe.

Inu amene simunapondepo kanjerwa ndi sokosi yokha simudziwa ululu. Amuna akuluakulu, alimi onyamula mwana wang'ombe paphewa, ankaponya chibakera n'kukuwa okha asanamenye, kudumpha ndi mwendo umodzi n'kuteranso pa kena. Wogwa ankagwera pa tingodya takuthwa, wodzuka ankatsetsereka pa vanishi n'kugwetsa anzake awiri. Mphunzitsi wopuma wa ku Bredlund, mayi woimba kwaya, ankakwapula woyendetsa basi ndi njanji ya sitima uku akutukwana mawu amene sindinkadziwa kuti amawadziwa. Mkulu wa komiti anakwera pampando kuti apemphe bata, denga la tchalitchi linamupeza pakamwa. Botolo linasweka pamutu pa wina, magazi n'kusakanikirana ndi mowa, masokosi oyera kusanduka ofiira. Asger ankakwawa pakati pa miyendo ya anthu akulira kuti, "Vanishi wanga! Vanishi wanga, anthu inu!" mpaka bondo la wina linamutseka pakamwa. Ine mlomo unang'ambika, koma tsitsi limene ndinalipeza m'manja mwanga pambuyo pake silinali langa.

Torkild anadzuka khutu likuchucha magazi, ndipo sanafune ine. Anazungulira n'kuima pamaso pa Ingolf.

"Dzuka! Zaka zonsezi ndakhala ndikukudikira. Dzuka undimenye!"

Ingolf anapendeketsa mutu kuti aone chinsalu, popeza Torkild ankamutchinga. Chibakera choyamba chinatera pamphuno, ndinamva fupa likusweka. Chachiwiri pakamwa. Ingolf analavulira dzino pamiyendo pake, anapendeketsanso mutu mbali ina. Torkild anapenga. Ananyamula mpando n'kumuphwanyira paphewa, Ingolf anagwa chammbali, tsaya kutera pa tinjerwa. Munthu aliyense akamagwa amatulutsa manja kuti adzitchinjirize, koma iye anagwa ngati thumba, manja atawapana kuseri kwa ntchafu. Torkild anamuponda m'nthiti, anamupondanso, anamupondanso, kenaka anaima akupuma wefuwefu, chifukwa kumenya munthu wosabwezera kumatopetsa ndipo kumachititsa mantha. Solvej anali adakali pakhoma paja, manja atapinda, maso pa bambo ake okha.

Pachinsalu oweruza ankazula zidutswa pa zomanga zonse ziwiri kuti aone ngati muli guluu, ndipo mkono uja unaphwasuka m'manja mwawo kanjerwa ndi kanjerwa, wopanda banga. Palibe amene anaona zimenezo kupatula ine ndi munthu wogona pansiyo. Kenaka ng'oma zinalira, woulutsa anakweza chikho, wa magalasi uja n'kunena kuti zonse ndi zabwino, koma chigudumu chozungulira chasangalatsa mabanja onse. Wapambana Jeppe.

Apa ndiye ndinati basi, zatha. Solvej ankadziwa kuti waluza, ndipo anamuika munthuyu kutsogolo akudziwa. Ingolf ameneyu anaswa makanema chifukwa cha anthu osawadziwa n'komwe, nanga lero? Anadzikoka n'kugwada, magazi ali chuchuchu m'ndevu, ndipo m'khosi mwake munatuluka kulira kumene ndinakumvapo kufakitale kokha, nkhumba ikaona kumene ikupita. Makina oonetsera kanema anali patebulo pafupi ndi phewa lake. Mimba ya Torkild inali pafupi kuposa pamenepo. Ingolf anawerama n'kumenyetsa chipumi chake pansi, pa tinjerwa, khu! Manja anawapanikiza pakati pa maondo. Anakhala choncho akubuula mpaka nyimbo yomaliza inatha, chinsalu n'kuyamba kutsatsa sopo.

Ndeu inazilala yokha. Anthu anakhala pansi apa ndi apo akuzula tinjerwa m'mapazi, ena akufunsana kuti wapambana ndani. A Bredlund atamva anayesa kukuwa, koma mano ndi mpweya zinali zochepa. Torkild anatuluka akutsimphina, osayang'ana munthu, n'kuvala nsapato za wina.

Solvej anachoka pakhoma. Anayenda pang'onopang'ono akukankha tinjerwa ndi phazi, anatenga thaulo paphewa panga osapempha, anagwada pamaso pa bambo ake.

"Zatha. Tulutsani manja."

Anawatulutsa. Anali oyera mbuu, achita dzanzi, sankatha kugwira kanthu. Solvej anamupukuta yekha, mosanyengerera, ngati akupukuta tebulo.

"Akubera," Ingolf anatero, mawu akutuluka ndi magazi. "Mkono uja..."

"Ndikudziwa. Mwanayo dzina lake ndi Thyra. Mubwere Lamlungu masana, koma muyambe mwapita kuchipatala, musakamuopseze ndi nkhope imeneyi."

Ingolf anagwedeza mutu, misozi ikutsika m'magazi. Anayang'ana chinsalu, ngakhale chimunthu chija chinali chitachoka kale, kenaka anayang'ana mwana wake.

"Solvej. Ndinali wamkulu choncho?"

Solvej anapinda thaulo n'kuliika m'manja mwake.

"Munali aakulu kuposa pamenepo, bambo. Nthawi yomangira ndi imene inandithera."